Ana Aphunzire Pochita, Koma Buku Lisatsale

Makolo ambiri a m'midzi akaona ana a sukulu ali panja ndi zingwe, makasu ndi zitini pa nthawi ya maphunziro, mitima yawo siikhala m'malo. Iwo amati, "Tinatumiza mwana kuti akaphunzire kulemba ndi kuwerenga. Kulima akudziwa kale, ndipo khasu lilipo pakhomo." Dandaulo limeneli si lopanda pake ayi, pakuti alipo masukulu ena kumene ana amatha m'mawa wonse ali kupalira munda kapena kutunga madzi, nabwerera kwawo opanda kanthu katsopano m'mutu. Komatu ilipo njira ina ya kaphunzitsidwe imene imatulutsanso ana panja, koma cholinga chake nchosiyana kotheratu. Akatswiri a maphunziro amaitcha njira ya pulojekiti. Aphunzitsi ndi makolo ayenera kuidziwa bwino njirayi, kuti athe kusiyanitsa ntchito yophunzitsa mwana ndi ntchito yongomutopetsa chabe.

Kodi pulojekiti nchiyani?

Pulojekiti ndi ntchito imene ana amaigwira masabata angapo, kapena teremu yathunthu, pofuna kuyankha funso leni-leni limene yankho lake salidziwa. Funsolo liyenera kukhala la zinthu zimene anawo amaziona tsiku ndi tsiku. Kodi manyowa amaonjezera chimanga chochuluka bwanji? Kodi mvula imene yagwa pamudzi chaka chino njochuluka motani? Kodi mbaula ya dothi imapulumutsa nkhuni zingati poyerekeza ndi mafuwa atatu? Kuti apeze yankho, ana ayenera kuyeza, kuwerengetsera, kufunsa akulu, kutsegula mabuku, kulemba zimene apeza, ndipo potsiriza kufotokozera anthu ena. Motero masamu, sayansi, Chichewa ndi Chingerezi zonse zimalowa m'ntchito imodzi.

Apa ndipo pali kusiyana. Mwana wotumidwa kukapalira munda wa sukulu amagwira ntchito ndithu, koma saganiza kanthu, popeza wina anaganiza kale m'malo mwake. Mwana wa pulojekiti angagwire khasu lomwelo m'munda womwewo, koma iye adziwa chimene ali kufufuza, ali ndi kope lolembamo, ndipo pa mapeto adzayenera kuimirira ndi kunena chimene wapeza. Khasu popanda funso, popanda kope ndi popanda mphunzitsi pafupi si pulojekiti konse.

Kumene njirayi inachokera

Chiyambire kale ana aphunzira poona ndi pochita. Mwana wa mmisiri amadziwa kusula ali pambali pa mvukuto, ndipo msungwana amadziwa kuumba mbiya ali pambali pa amake. Koma njira yolumikiza kuchita ndi maphunziro a m'buku inakhwima maka-maka ku Amereka zaka zoposa zana zapitazo.

M'chaka cha 1896 mphunzitsi wina wotchuka, John Dewey, anatsegula sukulu yoyeserapo pa yunivesite ya Chicago. Ana a pasukulupo ankaphika, kuomba nsalu, kupala matabwa ndi kulima dimba. Sanali kuphunzira kuti adzakhale ophika kapena akalipentala. Dewey anaona kuti mwana woyeza ufa pophika amamvetsa msanga theka ndi chigawo chachitatu, ndipo woomba nsalu amayamba yekha kufunsa kumene thonje lichokera ndi m'mene anthu akale ankavalira.

Amene anaifikitsa njirayi kwa ana a alimi ndi Rufus Stimson. M'chaka cha 1908 iye anakhala mkulu wa sukulu ya ulimi ku Northampton, m'chigawo cha Massachusetts. Stimson anakonza kuti mwana aziphunzira m'kalasi, koma zimene waphunzirazo azikaziyesa pakhomo pa makolo ake. Wina ankatenga chigawo cha munda, wina nkhuku, wina ng'ombe za mkaka. Aliyense ankalemba m'buku zonse zimene wagula, masiku amene wagwira ntchito ndi zimene wapeza, ndipo mphunzitsi ankayendera makomo kukaona ntchitoyo ndi kucheza ndi makolo. Njirayi inakondweretsa anthu kotero kuti lamulo la dziko la Amereka la m'chaka cha 1917 linati mwana wophunzira ulimi m'masukulu olandira thandizo la Boma azigwira ntchito yoyang'aniridwa ya kumunda miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa pa chaka.

Tsono m'chaka cha 1918 William Kilpatrick, wophunzitsa aphunzitsi pa yunivesite ya Columbia mu mzinda wa New York, analemba nkhani yotchedwa *The Project Method*, imene inafala m'maiko ambiri. Iye anati ntchito yotere ili ndi mbali zinayi: kutsimikiza chimene munthu afuna, kukonza m'mene adzachitire, kuchita, ndi kuweruza ngati chatuluka bwino. Anapereka chitsanzo cha msungwana wosoka diresi. Ngati msungwanayo walifuna yekha diresilo, nalinganiza yekha, nalisoka, naliyang'ana kuti aone polakwika, waphunzira zambiri koposa amene wangopatsidwa nsalu yodula kale kuti alumikize.

Chitsanzo cha munda wa chimanga

Kuti zimenezi zimveke bwino, nachi chitsanzo cha pulojekiti imene ana a Sitandade 6 kapena 7 angathe kuichita pa sukulu ya kumudzi iliyonse muno m'Malawi. Funso lake nlakuti: kodi manyowa a kompositi amaonjezera chimanga chochuluka bwanji?

Poyamba ana amakambirana ndi mphunzitsi m'kalasi, ndipo aliyense amalemba chimene aganiza kuti chidzachitika. Kenaka amayeza timinda tiwiri tofanana, kalikonse mamita 10 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi. Apa masamu ayamba kale, pakuti ayenera kupeza kuti kamunda kalikonse ndi masikweya mita 90. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, ndipo pa phando pabzalidwe njere imodzi. Ana akagawa mamita 9 ndi masentimita 75 adzapeza mizere 12. Akagawa mamita 10 ndi masentimita 25 adzapeza mapando 40 pa mzere. Motero kamunda kamodzi kafuna njere 480. Mwana amene walakwitsa samuyo m'kope adzaona yekha kulakwa kwake chingwe chikafika pansi, chifukwa mizere siidzakwanira.

Asanabzale, ana amayesa mbewu. Amawerenga njere 100, naziika pa chiguduli chonyowa, ndipo patapita sabata amawerenga zimene zamera. Zikamera 90, ndiye kuti 90 pa 100 zilizonse ndi zamoyo. Mwana amene mawu akuti peresenti ankamuzunguza mutu pa bolodi adzawamva tsiku limenelo, ndipo sadzawaiwala msanga.

Pamenepo mphunzitsi amafunsa funso lalikulu: kodi anthu adzadziwa bwanji kuti kusiyana kwa zokolola kwadza ndi manyowa, osati ndi chinthu china? Ana akalingalira adzaona kuti timinda tonse tiwiri tiyenera kukhala pa nthaka yofanana, kubzalidwa mbewu ya mtundu umodzi tsiku limodzi, ndi kupaliridwa mofanana. Chosiyana chikhale chimodzi chokha, ndicho manyowa. Limeneli ndi phunziro loyamba la sayansi yonse, ndipo akatswiri a pa malo ofufuzira za ulimi ku Chitedze ndi ku Bvumbwe amatsata lamulo lomweli.

Chimanga chikamera, Lachisanu lililonse gulu limodzi limayeza msinkhu wa mapesi khumi osankhidwa m'kamunda kalikonse. Gulu lina limayang'anira mvula. Chitini choongoka, chopanda khosi, choikidwa poyera kutali ndi mitengo ndi madenga, chimakwanira, ndipo m'mawa uliwonse ana amayeza ndi rula kuya kwa madzi, nalemba mamilimita, nakhuthula chitinicho. Gulu lachitatu limayendera masamba ndi nsonga za chimanga kufuna mbozi, monga ntchemberezandonda zimene zinaononga minda yambiri m'dziko muno m'chaka cha 2017, ndipo limajambula zimene lapeza. Popeza tchuthi cha Khirisimasi chimagwa pa nyengo yopalira, ana okhala pafupi ndi sukulu ayenera kugawana masiku sukulu isanatsekere.

Pokolola, chimanga cha kamunda kalikonse chimaumitsidwa, kutonoledwa ndi kuyezedwa pachokha. Ngati, mwa chitsanzo, kamunda ka manyowa katulutsa makilogalamu 27 ndipo kopanda manyowa katulutsa 18, ana amawerengetsera za hekitala yathunthu, imene ndi masikweya mita 10,000. Adzapeza makilogalamu 3,000 mbali imodzi ndi 2,000 mbali inayo, ndiko kuti matumba 60 ndi matumba 40 a makilogalamu 50. Kusiyana kwa matumba 20 ndi nkhani imene kholo lililonse lidzaitchera khutu. Tsono ana amalemba lipoti, lina m'Chichewa lina m'Chingerezi, naitana makolo, mfumu ndi mlangizi kuti adzamve.

Nthawi zina zotsatira sizikhala monga anthu anayembekezera. Mwina mbuzi zinalowa, mwina chiswe chinagwetsa mapesi, mwina manyowa anali osapsa. Pulojekiti siinalephere chifukwa cha zimenezi, malinga ana afufuza chifukwa chake ndi kulemba zoona. Mwana wophunzira kulemba chimene waona, osati chimene aganiza kuti mphunzitsi afuna kumva, wapata chuma cha moyo wake wonse. Ayeneranso kuuzidwa kuti chaka chimodzi sichikwanira kutsimikiza nkhani, ndipo kope lawo alisiyire ana a chaka chamawa kuti adzayesenso.

Phindu lake

Phindu loyamba nlakuti nzeru yogwiritsidwa ntchito imakhazikika. Ana ambiri amaloweza lamulo lopezera kukula kwa malo, nalemba bwino Lachisanu, koma pofika teremu yotsatira laiwalika. Amene anayenda ndi chingwe m'mphepete mwa munda ali ndi pokolowekapo lamulolo.

Lachiwiri nlakuti mwana amaphunzira kulankhula ndi kulemba zomveka. Chimangirizo cholembera mphunzitsi yekha mwana amachilemba mwa mphwayi. Koma akadziwa kuti adzawerenga pamaso pa amfumu ndi pa amalume ake, ndipo kuti adzamufunsa mafunso, amasamala mawu aliwonse.

Lachitatu nlakuti ana amazolowera kugwirizana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe mwana angayeze mvula, mapesi ndi mbozi yekha miyezi inayi. Kawiri-kawiri zimaoneka kuti mwana amene amakhala chete kumbuyo kwa kalasi ndiye wa dzanja losamala poyeza, ndipo anzake akayamba kumudalira, nayenso amayamba kulimba mtima pa mabuku.

Nanga mayeso? Limeneli ndilo funso limene limasowetsa tulo makolo ndi aphunzitsi omwe, popeza mwana sangapite ku sekondale popanda kukhoza mayeso a Sitandade 8. Koma awerengi akayang'ananso chitsanzo cha munda chija adzaona kuti muli kugawa, kuchulukitsa, kukula kwa malo, peresenti, magalafu, kameredwe ka mbewu, nthaka, nyengo ndi kulemba lipoti. Zonsezi zili m'silabasi. Pulojekiti yokonzedwa bwino siichotsa mwana pa maphunziro a mayeso, koma imamudutsa m'maphunziro omwewo kachiwiri, ndi manja ndi maso.

Chifukwa chake makolo amakayika

Kukayika kwa makolo kuli ndi mbiri yake, ndipo nkoyenera kuikumbukira. M'chaka cha 1924, dziko lino likali kutchedwa Nyasaland, kunafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku Amereka kudzaona masukulu. Mmodzi wa iwo anali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana. Nthumwizo zinalangiza kuti maphunziro a Aafirika agwirizane ndi moyo wa kumudzi, ndiwo ulimi, ukhondo ndi ntchito za manja. Boma la atsamunda linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro m'chaka cha 1926, ndipo m'chaka cha 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Dzinali linachokera kwa mayi Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene m'chaka cha 1907 anapereka madola 1,000,000 kuthandiza masukulu a kumidzi a anthu akuda a kumwera kwa Amereka. Aphunzitsi ankapita ku Domasi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pobwerera ankayendera masukulu ndi midzi kulangiza za madimba, zimbudzi, zitsime ndi kaleredwe ka ana.

Zambiri mwa zimenezi zinali zabwino. Koma pa nthawi yomweyo m'dziko monse munalibe sukulu ya sekondale, kufikira pamene Blantyre Secondary School inatsegulidwa m'chaka cha 1940. Aafirika ambiri ophunzira anaona kuti ntchito za manja zaikidwa ngati mpanda, kuti mwana wa kumudzi athere pa khasu, asafike pa udokotala kapena pa uloya. Mantha awo anali ndi chifukwa, ndipo anatsalira m'mitima ya adzukulu awo. Chotero sukulu yofuna kuyamba mapulojekiti iyenera kuonetsa poyera kuti khasu lili kutsogolera mwana ku buku, osati kumutsekereza.

Kumene njirayi inalephera ndi kumene inapindula

Kungakhale kunama kunena kuti njirayi imapindula paliponse. Dziko la Russia, m'zaka za m'ma 1920, linaika mapulojekiti m'malo mwa maphunziro a masiku onse, koma m'chaka cha 1931 olamulira analetsa, poona kuti ana ali kutuluka m'sukulu osadziwa bwino masamu, sayansi ndi chinenero chawo. Dewey mwiniwake, m'chaka cha 1938, anachenjeza aphunzitsi amene ankaganiza kuti ufulu wa mwana ndiko kumuleka achite chilichonse popanda womutsogolera. Ku Tanzania, m'chaka cha 1967, Pulezidenti Julius Nyerere analamula maphunziro a kudzidalira, nafuna kuti munda wa sukulu ukhale malo ophunzirirapo. Cholinga chinali chokoma, koma m'masukulu ambiri munda unakhala kwina, maphunziro kwina, ndipo ana anaona mundawo ngati thangata.

Ngakhale m'zaka zaposachedwa zotsatira zakhala zosiyana-siyana. Ku Mangalande, m'chaka cha 2016, akatswiri a yunivesite ya Durham anatulutsa zimene anapeza atayesa njirayi pa ana a chaka choyamba cha sekondale. Sanapeze umboni wakuti ana a mapulojekiti anaposa anzawo pa kuwerenga ndi kulemba, ndipo panali chizindikiro chakuti ana a mabanja osauka anatsalira. Ofufuzawo anachenjeza kuti masukulu angapo anasiyira panjira, kotero kuti zotsatirazo nzosatsimikizika kweni-kweni, koma chenjezo lake nlomveka.

Ku Michigan, m'dziko la Amereka, zinayenda mwina. M'chaka cha 2021 kunalengezedwa zotsatira za kafukufuku wa m'masukulu 46, wokhudza ana a kalasi lachitatu oposa 2,000. Masukuluwo anagawidwa pawiri mwa maere. Ena anaphunzitsa sayansi monga mwa masiku onse, ena mwa mapulojekiti a zinthu zimene ana amaziona, monga agologolo, mbalame, zidole ndi mbewu. Pa mayeso a sayansi, ana a mapulojekiti anaposa anzawo ndi malikisi 8 pa 100 alionse, ndipo phindulo linaoneka ngakhale pa ana ovutika kuwerenga. Chofunika kuchizindikira nchakuti aphunzitsi a ku Michigan sanangouzidwa kuti atulutse ana panja. Anapatsidwa maphunziro olembedwa mwa dongosolo, sitepe ndi sitepe, ndipo iwo eni anaphunzitsidwa ndi kuthandizidwa chaka chonse.

Nkhani zonsezi ziphunzitsa chinthu chimodzi. Pamene pulojekiti ilowa m'malo mwa kuphunzitsa, ana amataya, ndipo amene amataya koposa ndi ana osauka amene kwawo kulibe buku kapena wowathandiza. Pamene mphunzitsi aphunzitsa bwino poyamba, natsogolera ntchitoyo, naonetsetsa kuti mwana aliyense walemba ndi kumvetsa, ana amapindula. Kuwerenga, kulemba ndi matebulo a kuchulukitsa ziyenera kuphunzitsidwa molunjika ndi kubwerezedwa tsiku ndi tsiku, maka-maka m'makalasi oyamba. Pulojekiti ndi malo ogwiritsira ntchito zidazo, si malo ozisulira.

Aphunzitsi achenjerenso ndi ntchito yongokongoletsa. Nyumba ya makatoni yopakidwa utoto imasangalatsa alendo pa tsiku la chionetsero, koma ngati mwana sangathe kunena chimene waphunzirapo, ndi chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga kalasi la ana ochuluka, lopanda zipangizo?

Mphunzitsi wa kumudzi angati, "Za ku Michigan nza ku Michigan. Kuno kalasi limodzi lili ndi ana oposa 80, ndipo choko chomwe nchosowa." Nzoona. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, ana a sukulu anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi-fupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi akhala odzaza. Chifukwa cha ichi mphunzitsi asayese zambiri. Pulojekiti imodzi pa teremu, ya maola awiri kapena atatu pa sabata, njokwanira. Ana agawidwe m'magulu a anthu asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo m'gulu lililonse mukhale wotsogolera, woyeza, wolemba ndi wofotokoza. Maudindowa azisinthana sabata ndi sabata, kuti asungwana asamangotumidwa kukatunga madzi pamene anyamata agwira rula ndi pensulo. Mwana aliyense akhale ndi kope lake-lake, pakuti m'gulu nkwapafupi kuti waulesi abisale kumbuyo kwa wakhama.

Zipangizo zambiri zili pomwepo: chingwe chomangidwa mfundo mita iliyonse, zitini, mabotolo, nsungwi, ndi sikelo yobwereka kwa wamalonda. Sukulu yopanda malo olima ingathe kuyesa zina. Ana angayeze nkhuni zowiritsira madzi a muyeso umodzi pa mafuwa atatu ndi pa chitetezo mbaula, ndipo ntchito imeneyi imatha m'masabata awiri. Angalembe mitengo ya chimanga, nyemba ndi usipa pamsika sabata ndi sabata, naona miyezi imene imakwera. Angafese nazale ya mitengo ndi kuwerenga mbande zimene zapulumuka. Angafunse agogo mbiri ya mudzi, kumene makolo anachokera ndi maina a mafumu akale, nalemba kabuku kosungidwa pasukulu.

Dziko lino lili ndi umboni wake wa chimene chimachitika buku likakumana ndi manja. William Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, analeka sukulu ya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. M'kanyumba ka mabuku ka kwawoko anapeza buku la sayansi lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Anatola zitsulo za njinga, chopukusira mphepo cha thirakitala, mapaipi ndi milongoti ya bulugamu, namanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake ali ndi zaka 14. Pambuyo pake anabwerera kusukulu, ndipo m'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro pa koleji ya Dartmouth ku Amereka. Zitsulo zimenezo zinali kutayidwa kumeneko zaka zambiri, ndipo mphepo inali kuomba chiyambire. Chimene chinasintha ndi buku, ndi mnyamata wofuna kuyesa zimene bukulo linanena. Iye anachita zimenezi popanda mphunzitsi. Ana ambiri sangathe okha, ndipo nchifukwa chake sukulu ilipo.

Mbali ya makolo, mafumu ndi akomiti

Kholo, ngakhale losadziwa kulemba, lingathe kudziwa ngati mwana wake ali kuphunzira kapena ali kungogwiritsidwa ntchito. Madzulo limufunse mafunso atatu: Kodi muli kufufuza chiyani? Lero mwayeza chiyani? Kope lako lili kuti? Mwana akayankha momveka ndi kuonetsa zimene walemba, kholo likhazike mtima pansi. Akati, "Anangotiuza kuti tikapalire," kholo lipite kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa akomiti kukafunsa mwaulemu, pakuti safunsa anadya phula.

Zokolola za m'munda wa pulojekiti nza sukulu, si za munthu. Ziyezedwe pamaso pa ana ndi akomiti, ndipo zikagulitsidwa, ana omwewo awerengetsere ndalama ndi kudziwa kumene zapita. Mwana asatumidwe kukalima munda wa mphunzitsi m'dzina la maphunziro, ndipo munda wa sukulu usasanduke malo a chilango, chifukwa mwana wolangidwa ndi khasu adzadana nalo moyo wake wonse.

Mafumu angathandize popereka kamalo pafupi ndi sukulu ndi kuletsa ziweto kulowamo. Akulu-akulu alandire ana odzafunsa mafunso, ndipo mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo aitanidwe kamodzi kapena kawiri pa teremu. Aphunzitsi a masukulu oyandikana akakumana ku likulu la zoni yawo, auzane zimene zayenda ndi zimene zavuta, kuti wina asagwe m'dzenje limene mnzake anagwamo kale.

Nthawi yabwino yokonzekera ndi mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe. Mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi ndi akomiti akhale pansi, asankhe kalasi limodzi ndi funso limodzi, atsegule silabasi ndi kulemba mitu imene pulojekitiyo idzakhudza, ndipo aitane makolo kuti amve zonse ntchito isanayambe. M'mera mpoyamba. Sukulu imene idzayamba pang'ono, ndi kutsiriza bwino chimene yayamba, idzakhala ndi makolo odzaza bwalo pa tsiku loyeza chimanga.